Chipilala pa Njira ya ku Manda

Ndinabadwira m'mapiri a ku Biriwiri, koma ukwati unanditsitsira kuchigwa, ku Sharpevale, kumene ndakhala mkamwini mpaka imvi zatuluka. Ndimalima mpunga wothirira, ndipo nthawi yotsala ndimawerenga. Sukulu ndinailekera panjira, ndiye kuwerenga kwanga n'kwa nkhuku, kongotolatola: nyuzipepala yokulungira matemba, kalendala yakale, buku lopanda chikuto limene mwana wataya. Akunyumba amati ndikanamapalira mmene ndimawerengeramu, bwenzi tili ndi chigayo.

Foni inalira ndili kumunda, ndikuingitsa mpheta. Anali Esitere, mwana wamkulu wa achemwali anga, Anagama. Anati kumudzi kwafika anthu oyeza malire, a Malawi ndi a Mozambique pamodzi, ndi makina a miyendo itatu komanso matumba a simenti. Akhoma chikhomo chopaka utoto pachitunda, pakati pa mudzi ndi nkhalango ya manda, ndipo mawa lake amangapo chipilala. Chikaima pamenepo ndiye kuti manda athu atsala ku Mozambique.

Achemwali anali akudwala chiyambire nyengo yozizira, matenda aja oti achipatala amangokuuza kuti kazipumulani kunyumba. Moyo wawo wonse sanapemphepo kanthu kwa munthu, kupatula chimodzi: kuti akadzapita adzagone pambali pa amayi. Malo akewo tonse tinkawadziwa.

"Sakugona tulo, malume," anatero Esitere. "Akuti mufike simenti isanathiridwe. Akuti inu ndinu mwinimbumba, komanso mumadziwa za m'mabuku."

Za umwinimbumbazo ndinazimva, koma chimene chinandikweza mapewa ndi cha m'mabukucho. Bodza n'loipa.

Kuchokera kwathu kupita ku Ntcheu boma njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya tala yokhayokha, yozungulira cha ku Balaka. Ina imadzera pa Kasinje, n'kukwera mapiri kudutsa pa Kandeu. Akunyumba anati ndidzere ya tala. Ine ndinatulutsa mapu a m'buku langa lopanda chikuto lija, n'kuwaonetsa kuti ya Balaka ndi yotalika ngati chala chamkombaphala pamene ya Kandeu ndi ya chala chaching'ono. Iwo anayang'ana mapuwo, n'kuyang'ana ine, kenako anafunsa ngati papepalapo ajambulaponso galimoto zimene zimadutsamo. Ndinati akazi ndi mapu n'zosiyana. Anandipakira mbatata yophika m'kajumbo.

Mpaka pa Kasinje zinayenda bwino, moti ndinayamba kukonza mawu oti ndidzawanyoze nawo pobwera. Pamphambano pake ndinapeza matola ataima, injini ikulira, anthu angapo atakhala kale kumbuyo. Woitanira analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndine. Ndinalipira osanenerera n'komwe. Nditangokhala, awiri mwa anthu aja anatsika n'kukakhala pansi pa mtengo kumasewera bawo. Anali anzake a woitanira, ntchito yawo n'kukhala m'galimoto kuti izioneka yodzaza. Dalaivala amati akaona munthu akubwera chapatali, amayendetsa galimoto pang'ono ngati akunyamuka, munthuyo n'kuthamanga ndi katundu wake, akakwera galimoto n'kubwerera pamalo pake. Dzuwa linachoka pamutu pa mitengo n'kufika pamutu pathu tikadali pompo. Ndinatsika, ndinakwera, ndinatsikanso. Ndalama yanga ndinaifuna, koma anati yagula kale mafuta. Maminibasi opita ku Balaka amangodutsa pamsewu wa tala, ndipo iliyonse imaoneka ngati ikundidziwa.

Pafupi nane panakhala mayi wina wa madengu awiri a matemba, amakagulitsa ku Kandeu. Anandiona ndikuyang'anayang'ana dzuwa, ndiye anafunsa ngati ndikupita kumaliro. Ndinati ayi, koma nkhani yake ndi ya kumanda komweko. Nditafotokoza, anapukusa mutu n'kunena kuti malirewo iye amawadziwa ndi mapazi. Anabadwira tsidya linalo, ndipo analowa m'dziko muno ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ija, atasenza mphika ndi bulangete. Panalibe chipilala, panalibe waya. Akuti anadziwa kuti afika ku Malawi ataona mbuzi zikungodziyendera pabwalo popanda wozibisa. Mtendere utabwera abale ake anabwerera, iye anatsala chifukwa cha banja.

Pamene matola amanyamuka n'kuti titapanikizana ndi matumba a mpunga, njinga yothyoka, ndi nkhuku zomanga miyendo. Mwendo wanga wakumanzere unalowa pansi pa dengu la matemba ndipo sindinaumvenso mpaka patsogolo. Koma pakamwa panali pomasuka, ndipo munthu wowerenga akapeza omvera sachedwa. Ndinawafotokozera anthu kuti malire a kwathuko sanalembedwe mwachisawawa. Azungu akale, Angerezi ndi Apwitikizi, anagwirizana kuti malire azitsata msana wa mapiri, pamene mvula imagawikana. Dontho likagwa n'kutsetserekera kum'mawa, kunyanja kapena ku Shire, pamenepo ndi pa Malawi. Likatsetserekera kumadzulo, kumitsinje yopita ku Zambezi, ndi pa Mozambique. Zipilala zakale zina zinagumuka, zina zinasowa m'tchire nthawi ya nkhondo, pamene kunalibe wolimba mtima woti n'kukazilambulira. Tsopano maiko awiriwa ndi paubale, ndiye agwirizana zoyenda limodzi kudzutsa malire, kuti ana awo asadzakanganire chimene makolo sanakanganire. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndikafika ndikangowakumbutsa oyezawo lamulo la madzili, basi, chikhomocho achizula.

Mkulu wina wa chipewa chaudzu anafunsa ngati Shire sakathira mu Zambezi momwemo. Ndinavomera kuti amathiradi. Iye anati ndiye kuti tonse ndife a ku Mozambique, kungoti ena timachedwa kufika. Galimoto yonse inaseka, ndi ine ndemwe, ngakhale kuti kuseka kwanga kunali kwa mano okha.

Titayamba kukwera chitunda chachikulu galimoto inayamba kutsokomola. Kutsogolo kunatuluka nthunzi, dalaivala anakuwa kuti amuna adumphe aike miyala kumatayala, ndipo tinadumpha. Injini inali itatentha. Madzi a m'chigubu chake anali atathera kumunsi, ndiye anthu awiri anatsetsereka kukafuna ena kukhwawa, ife n'kutsala tikuyang'ana chitsulo chikuwira. Ndinayesa kuimbira Esitere, koma pamalopo foni inalibe mphamvu. Ndinakwera pachulu, ndinaikweza m'mwamba ngati ndikupereka nsembe, osatheka.

Kenako kunachita mdima wa mitambo, mphepo inanunkha fumbi lonyowa, ndipo chizimalupsa chinatipeza poyera. Mayi uja anafunditsa matemba ake ndi chitenje chake chomwe, iye n'kumanyowa. Tonse tinathithikana m'mbali mwa galimoto. Mvula yake sinakhalitse, koma inali yamphamvu, moti pamsewu panayamba timitsinje tofiira, tina tothamangira uku, tina uko. Mayi uja amationerera, kenako anandifunsa mosaganizira zambiri, ngati mmene umafunsira mtengo wa tomato.

"Nanga bambo, madzi a kumanda kwanuko amalowera kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma yankho linafika ndi chithunzi chake. Amayi tinawaika m'dzinja, mvula ikugwa. Ndinaona madzi ofiira akuchoka pamtumbira watsopano, kutsetsereka pakati pa mitengo mpaka kukamtsinje kamene okumba manda anakatsukako makasu. Kamtsinje kameneko timakadziwa tonse, tinkasambamo tili ana, ndipo tikatayamo chitsononkho chimapita kolowera dzuwa. Usiku wathawo ndinali nditawerenga tsamba la malire mpaka kuliloweza, koma sindinaliikepo pamanda athu.

Ndinamuyankha kuti ndaiwala. Iye anandiyang'ana pang'ono, n'kutembenukira kumadengu ake. Kuchokera apo mpaka pa Kandeu sindinaphunzitsenso munthu.

Pa Kandeu dalaivala anazimitsa galimoto n'kulengeza kuti ulendo wathera pomwepa, sangakaphe injini yake kutsogoloko. Anthu anang'ung'udza, koma ambiri anali atafika kale kwawo, ndiye wodandaula weniweni ndinali ndekha. Mayi wa matemba ananditsazika pondiuza kuti ndikawapatse moni odwalawo, ndipo ndisakawanamize. Sindikudziwa kuti anaona chiyani pankhope panga.

Apa foni inagwira. Esitere anati dzenje akumba kale, mchenga ndi miyala zafika, akungodikira kuti mvula ikate. Achemwali akufunsa kuti ndafika pati. Ndinati awauze kuti ndayandikira, zomwe pamapu zinali zoona.

Galimoto ina kunalibe. Ndinayenda uku ndi uko pamsika, ndinadya mbatata ija chiimire, kenako ndinagwirizana ndi wa njinga yamoto kuti akanditule ku boma. Mtengo wake sindiutchula, chifukwa akunyumba amawerenganso zimene ndimalemba. Anali bambo wamkulu ndithu, woyendetsa mosamala, koma dothi la kumeneko likalawa mvula yoyamba limasanduka sopo. Pena timayenda, pena ndimatsika n'kumathamanga pambuyo pake. Pakona ina njinga inangogona yokha pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kutigoneka tonse m'matope. Palibe anavulala. Iye anadzuka n'kuyamba kupukuta galasi la njinga, ine ndinadzuka mbali imodzi ndili wofiira kuyambira phewa mpaka nsapato. Jekete limenelo ndinalivala kuti oyeza malire akandione ngati munthu.

Chodabwitsa n'chakuti mtima unali utagawikana. Njinga ikachedwa ndimapsa mtima, ikathamanga ndimachita mantha. Ndimathamangira chiyani, poti mlandu ndinali nditaluza kale pachitunda paja? Ndinayesa kuganiza kuti mwina ndakumbukira molakwa, mwina kamtsinje kaja kamakhota kutsogolo n'kubwerera kum'mawa. Koma kamtsinje kamene unasambamo uli mwana sungakasokoneze.

Ku boma ndinapeza minibasi ya ku Dedza, nayonso yotsala munthu mmodzi. Ulendo uno ndinayamba ndayang'ana nkhope za okhalamo kuti ndione ngati ndi osewera bawo. Kondakitala anayala katoni pampando ndisanakhale, ndipo mayi amene ndinayandikana naye anakokera mwana wake pamiyendo. Tinazungulira depoti, tinakamwetsa mafuta, tinabwerera kudzatenga munthu amene anaiwala thumba. Pamene ndimatsika pa Biriwiri dzuwa linali litapendeka. Ogulitsa kabichi ndi mbatatesi anandithamangira kuchokera mbali zonse ziwiri za msewu, poti pamenepo ukangooloka tala walowa dziko lina, koma ataona matope aja anabwerera. Kuchokera apo ndinakwera wapansi, njira ya kumudzi yodutsa m'minda youma.

Chipilala ndinachionera patali. Chinali chitaima kale pachitunda, chofika m'chiuno, matabwa akadali m'mbali mwake, simenti yakuda ndi kunyowa. Njira yathu ya kumanda imadutsa pambali pake penipeni.

Oyeza aja amalongedza zida. Akuluakulu awo anali awiri, mayi wa ku Malawi ndi bambo wa ku Mozambique, ndipo poti wina anaphunzira m'Chingerezi wina m'Chipwitikizi, amalankhulana m'Chichewa. Ndinadzitchula kuti ndine mwinimbumba, ndipo anandilandira bwino osayang'ana jekete. Anandionetsa tsinde la chipilala chakale limene analifukula pansi pa udzu pomwepo. Ndinadutsapo kambirimbiri ndili mwana, ndimayesa mwala wamba. Anati iwo sasuntha malire, amangowadzutsa, ndipo sathira simenti pokhapokha onse awiri atayang'ana makina, aliyense payekha, n'kupeza malo amodzi. Akasiyana amasiya osamanga, nkhani n'kupita kwa akuluakulu. Za minda ndi manda anati palibe amene wauzidwa kuti asamuke, maboma akukambirana.

Ndinafunsa kuti nanga wina akamwalira zokambiranazo zisanathe, bokosi lidzafunika chiphaso kuti lidutse apa? Mayi woyeza malire uja anayang'ana mnzakeyo, mnzakeyo anayang'ana chipilala. Anati kunena zoona sakudziwa, ndipo sakufuna kundilonjeza chimene si chawo.

Achemwali ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, atafunda bulangete ngakhale kunali kotentha. Anali atatha kuposa mmene ndimaganizira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndabwera chokwawa. Ndinakhala pansi. Ndinawauza zonse, kuti ndachedwa, ndipo ngakhale ndikanafika m'mawa sindikanasintha kanthu, chifukwa buku lomwelo limene amandidalira nalo likuti manda ndi a tsidya linalo.

Iwo anati dothi la ku Mozambique saliopa, amayi agonamo zaka zonsezi osadandaula. Chimene chimawasowetsa tulo n'chakuti adzawakweza pa lole kupita nawo kuchipata cha Biriwiri, n'kukawaimika pamzere limodzi ndi magalimoto a katundu kudikira chidindo, anthu akuwotchedwa ndi dzuwa. Kapena ana adzatopa nazo n'kukawaika kumanda achilendo.

Tili chomwecho tinamva munthu akuodira kuseri kwa nkhokwe, ndipo asanaoneke anayamba kale kufunsa ngati nkhuku za pamudzi pano zanenepa. Anali a Zuze, mkulu wamtali wa tsidya linalo. Nthawi ya nkhondo banja lawo linakhala m'khitchini ya amayi zaka zingapo. Matenda atalowa pakati pa othawawo, analibe owakumbira manda, poti munthu sakumba manda a m'bale wake, ndiye amuna a mudzi wathu anagwira makasu. Kuyambira pamenepo iwo ndi adzukulu athu, kunena aja a pamaliro, ndipo ife ndife awo. Kukagwa zovuta kwathu amabwera kudzakumba ndi kunyamula, kukagwa kwawo timapita ife. Mdzukulu ali ndi ufulu wonena chilichonse. Akhoza kukutukwana, kukugwirira nkhuku, kukufunsa kuti umwalira liti, ndipo sukwiya.

A Zuze anakhala pamtondo n'kuwauza achemwali kuti wabwera kudzaona katundu wake, poti wamva kuti boma lamupatsa manda onse ndi anthu ake omwe. Achemwali anati achoke, akununkha kachasu. Iye anati ndi mafuta a ntchito. Kwa ine anati wamva kuti kuchigwa anthu amalima mpunga m'matope, koma samadziwa kuti amagonamonso.

Atatha zonsezo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anati nayenso sanagone. Othawa nkhondo amene anamwalira kuno sanaikidwe m'nkhalango yathu, anapatsidwa malo awo kumunsi kwa dambo, kum'mawa kwa mudzi. Mayi ake ali kumeneko. Mwezi wamawa ndi nthawi imene a mpingo wawo amakalambula manda, ndipo amafuna amve kwa mwinimbumba ngati adzaloledwe kulowa ndi khasu ngati kale.

Ndinati malo amenewo ndi a mbumba yathu, ndipo malinga ndili moyo palibe adzamufunse kanthu. Aka kanali koyamba tsiku limenelo kunena chinthu chimene ndinali nacho mphamvu.

"Ndiye amayi anga muli nawo inu, amayi anu ndili nawo ine," anatero a Zuze. Anatembenukira kwa achemwali. "Tsiku lakelo, Anagama, anthu anu adzangokufikitsani pachipilalapo. Kuyambira apo wonyamula ndine, monga mwa nthawi zonse. Wofuna chidindo adzandipeze ndili m'dzenje, adzatsikemo adzandifunse."

"Inu simuli boma, Zuze," anatero achemwali.

"Ayi. Koma boma silinakumbepo manda a munthu pamudzi pano."

Achemwali anamuyang'ana, n'kuyang'ana kuchitunda. Kenako anauza Esitere kuti awapatse ndodo. Tinayesa kuwaletsa, koma anati kumanda sulowa wopanda mdzukulu, ndipo lero mdzukulu wadzibweretsa yekha. Tinayenda pang'onopang'ono, a Zuze atawagwira mkono uku, ine uku. Pachipilala anaima kuti apume, anachigwira ndi chala kuona ngati chauma, n'kupukuta chalacho pachitenje. Anadutsa.

M'nkhalango munali mozizira, masamba akudonthabe. Pambali pa mtumbira wa amayi malo aja analipo, atamera udzu. A Zuze anathyola bango n'kuyamba kuwayeza achemwali kuyambira kumutu mpaka kuphazi, iwo ali chiimire. Esitere anagwira pakamwa. Achemwali anangowongoka kuti muyeso ukhale woona, n'kumuuza kuti awonjezere pang'ono, komanso adzakumbe mozama, chifukwa anthu a tsidya linalo amakumba ngati akubzala mbatatesi. Iye anati adzaona kukula kwa nkhuku. Anagoneka bangolo pansi, natola miyala kuika kumutu ndi kumiyendo. Mwala wakumutu achemwali anaukana, anati wayandikira kwambiri mizu ya mtengo. Anausuntha mpaka onse awiri anavomera.

Zitatero achemwali anakhala pansi pambali pa mtumbira, natambasula miyendo, n'kutiuza kuti tikawadikire kuchitunda, ali ndi zoti awauze amayi. Esitere anatsala chapatali pang'ono. Ine ndi a Zuze tinakakhala paudzu pafupi ndi chipilala. Oyeza anali atapita kukafuna tsinde lina kutsogolo, ndipo funso langa linali lisanayankhidwe ndi boma lililonse. Kuchokera m'mitengo timamva mawu a achemwali chapansipansi, osamveka chimene akunena, akulankhula mosafulumira ngati munthu amene wafika pakhomo pa mayi ake ndipo sakuchoka msanga.